Mmene Ma Enzaimu Opha Maselo Amayendetsera Chitetezo cha M'thupi

Munthu akaponda msomali kapena kulasidwa ndi minga kuphazi, bala n'kuyamba kutukusira, sipapita masiku ambiri asanamve kachotupa kolimba m'mphechepeche. Ameneyo ndi mwanabele. Ukamukhudza amapweteka, ndipo mwendo umalemera poyenda. Nthawi zambiri chimene chamutupitsa si mafinya koma khamu la asilikali a m'thupi, maselo oyera a mtundu wa T ndi B amene azindikira tizilombo talowa pabala paja n'kuyamba kuchulukana mwaliwiro. Selo la T likadzutsidwa limatha kugawikana pa maola 6 mpaka 8 alionse, moti pakutha pa sabata ochepa aja amakhala atafika mamiliyoni. Kenako bala limapola, mwanabele n'kuphwa. Nanga khamu lija limapita kuti? Pa maselo 100 alionse amene anapangidwira nkhondoyo, 90 mpaka 95 amafa. Si mdani amene amawapha. Amadzithetsa okha mwadongosolo, n'kutsala ochepa oti azikumbukira mdaniyo akadzabweranso.

Amene amagwira ntchito yothetsa moyo wa maselowa ndi ma enzaimu otchedwa caspase. Kwa nthawi yaitali ankadziwika ndi ntchito imeneyi basi. Koma kafukufuku wa zaka 30 zapitazi wasonyeza kuti ma enzaimu omwewa amateteza msilikali kuti asafe asanafike kunkhondo, amamasula uthenga woitana asilikali ena, ndiponso amatseka pakamwa selo lakufa kuti lisautse mkwiyo wa thupi popanda chifukwa. Zimatheka bwanji kuti chida chimodzi chizigwira ntchito zotsutsana chonchi? Yankho lake lili ndi phindu kwa aliyense amene akufuna kumvetsa kutentha thupi, matenda a chitetezo chodziukira chokha, ngakhalenso chifukwa chimene CD4 imatsikira mwa munthu amene ali ndi HIV.

Anapezeka podzera njira ziwiri

Mu 1972, John Kerr, Andrew Wyllie ndi Alastair Currie, ali ku Aberdeen m'dziko la Scotland, anafotokoza kafedwe ka maselo kamene anakatcha apoptosis. Selo limafota, DNA yake imaduka tizidutswa, lonse n'kugawika m'timatumba totsekeka bwino, ndipo maselo oyandikana nalo amameza timatumbato osasiya kanthu. Sipakhala kutupa kapena ululu. Chimene chimayendetsa kafedwe kameneka chinadziwika kudzera mu kanyongolotsi ka m'dothi kotalika milimita imodzi, Caenorhabditis elegans. Pokula, kanyongolotsika kamapanga maselo 1,090, ndipo 131 mwa amenewa amafa, omwewomwewo nthawi zonse. Robert Horvitz ndi anzake anapeza kuti jini yotchedwa ced-3 ikawonongeka, maselo oyenera kufa aja safa. Ntchito imeneyi inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2002, pamodzi ndi Sydney Brenner ndi John Sulston.

Pamene Horvitz ankafufuza kanyongolotsi kaja, ofufuza ena amene nkhani ya imfa ya maselo sinkawakhudza n'komwe ankasakasaka gwero la kutupa ndi kutentha thupi. Ankadziwa kuti maselo omeza tizilombo, monga otchedwa macrophage, amatulutsa puloteni yonyamula uthenga yotchedwa IL-1β, imene ikafika ku ubongo thupi limatentha. Ankadziwanso kuti puloteniyi imapangidwa ili yaitali komanso yopanda mphamvu mpaka china chake chitaidula. Mu 1992 magulu awiri, la Nancy Thornberry ku kampani ya Merck ndi lina ku Immunex, anaipeza enzaimu yodulayo. Chaka chotsatira Junying Yuan, Horvitz ndi anzawo anaona kuti puloteni ya ced-3 ikufanana kwambiri ndi enzaimu ya kutentha thupi ija. Mu 1996 banja lonse linapatsidwa dzina lakuti caspase, ndipo enzaimu yodula IL-1β inakhala caspase-1. Choncho caspase yoyamba kudziwika mwa munthu anaipeza ikutumiza uthenga wa chitetezo, osati ikupha. Chidwi cha ofufuza chinathamangira ku imfa, ndipo zinatenga zaka kuti chibwererenso kumene nkhaniyi inayambira.

Ntchito ya caspase ndi imodzi: kudula mapuloteni ena, ndipo imadula pamalo pake penipeni, pamene pali kachigawo kotchedwa aspartate. Koma kudula si kuwononga nthawi zonse. Mpeni umene umazinga nkhuku ndi womwewo umene umasenda chinangwa kuti chidyeke. Puloteni ina ikadulidwa imatha ntchito, ina ikadulidwa ndi pamene imayamba ntchito. Ndipo chodulidwa sichilumikizikanso, n'chifukwa chake selo limasunga ma caspase ali m'tulo, n'kuwadzutsa pokhapokha pakafunika. Munthu ali nawo pafupifupi 12. Oyambitsa, monga caspase-8 ndi caspase-9, amadzuka awiri akakokeredwa pamodzi pa mulu wa mapuloteni ena. Omaliza, caspase-3, 6 ndi 7, amadzuka akadulidwa ndi oyambitsawo, ndipo amaphwasula mapuloteni mazanamazana. Gulu lachitatu, caspase-1, 4 ndi 5, ndi la kutupa.

Imfa yachete

Asilikali a m'thupi amayamba kufa asanaone n'komwe mdani. M'kachiwalo ka pachifuwa kotchedwa thymus, mmene maselo a T amaphunzirira ntchito, pafupifupi 95 pa 100 alionse amaphedwa, ena chifukwa sazindikira kanthu, ena chifukwa akanadzaukira thupi lenilenilo. Lamulo la imfa limatha kuchokera m'kati kapena kunja. M'kati, tizigawo topanga mphamvu totchedwa mitochondria timabooka, n'kutulutsa puloteni imene imadzutsa caspase-9. Kunja, pakhungu la selo pali puloteni yotchedwa Fas, imene inapezeka mu 1989 ku Japan ndi ku Germany. Selo lina likaigwira, m'kati mumasonkhana mapuloteni, woyamba wake FADD, amene amakoka caspase-8 n'kuidzutsa. Maselo a T akupha ali ndi njira yachidule: amaboola selo limene lili ndi vairasi, n'kuthiramo enzaimu yawo yotchedwa granzyme B imene imatha kudula caspase-3 mwachindunji.

Kufunika kwa dongosolo limeneli kumaoneka likasokonekera. Mu 1995 madokotala ku United States ndi ku France anapeza kuti ana ena otupa anabele thupi lonse, okhala ndi kapamba wamkulu, ali ndi jini ya Fas yolakwika. Asilikali awo safa nkhondo ikatha. Amangounjikana, ena n'kutembenukira maselo a magazi a mwana yemweyo. Matendawa amatchedwa ALPS.

Koma pali ntchito ina ya ma caspase omaliza imene inachedwa kudziwika. Mu 2014 magulu awiri, la Richard Flavell ku Yale ndi la Benjamin Kile ku Melbourne, anafunsa kuti chingachitike n'chiyani mitochondria itabooka koma ma caspase palibe. Selo limafabe, ngakhale mochedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti lisanafe limatulutsa interferon, uthenga umene thupi limagwiritsa ntchito polengeza kuti kwalowa vairasi. Chifukwa chake n'chakuti mitochondria ili ndi DNA yakeyake, ndipo DNA imeneyi ikatayikira m'kati mwa selo, mlonda wotchedwa cGAS amaiyesa ya vairasi. Ma caspase akakhalapo amaphwasula selo msanga, n'kudulanso cGAS ndi anzake uthenga usanatuluke. Amadulanso puloteni yochenjeza yotchedwa IL-33 kuti ithe mphamvu. Nthawi yomweyo amatsegula timabowo totulutsa zinthu zoitana macrophage, n'kutembenuzira kunja mafuta ena a m'khungu la selo amene ndi chizindikiro chakuti "ndimeze". Ndiye kuti ma caspase amenewa sikuti amangopha. Amaonetsetsa kuti maselo mabiliyoni ambirimbiri amene amafa m'thupi tsiku lililonse afe thupi osaganiza kuti kwagwa nkhondo.

Mwambi wa caspase-8

Pa ma caspase onse, amene anazunguza mitu kwambiri ndi caspase-8. Inapezeka mu 1996 ngati chida cha Fas, ndipo aliyense ankayembekezera kuti mbewa yopanda enzaimuyi idzakhala ndi maselo ochuluka mopitirira. Gulu la David Wallach ku Israel litachotsa jiniyi mu 1998, mbewazo sizinabadwe n'komwe. Zinafera m'mimba patatha masiku pafupifupi 11, mitsempha ya magazi itawonongeka. Chaka chomwecho zinaoneka kuti maselo a T opanda FADD amalephera kuchulukana. Mu 1999 ofufuza anathira mankhwala otsekereza ma caspase pa maselo a T a munthu, ndipo m'malo moti achuluke, anasiya kugawikana.

Umboni waukulu unachokera kwa anthu. Mu 2002 gulu la Michael Lenardo ku National Institutes of Health ku United States linafotokoza za ana awiri a bere limodzi amene caspase-8 yawo sinkagwira ntchito. Anabele ndi kapamba wawo zinali zotupa ngati za ana a ALPS, koma iwo anali ndi vuto linanso limene ana a ALPS alibe. Ankadwaladwala zifuwa ndi matenda a m'mphuno, zilonda za vairasi ya herpes zinkangobwerabwera, ndipo katemera sankagwira bwino m'thupi mwawo. Maselo awo a T, a B ndi asilikali ena otchedwa NK ankalephera kudzuka. Kusowa kwa enzaimu yakupha kunafooketsa chitetezo.

Kwa zaka zingapo ambiri ankaganiza kuti caspase-8 ili pa mzere wa uthenga umene umauza selo la T kuti liyambe kugawikana. Yankho lenileni linatulukira kwina. Mu 2000 gulu la Jürg Tschopp ku Lausanne linaona kuti Fas imatha kupha selo la T ngakhale ma caspase atatsekerezedwa, koma kafedwe kake ndi kena: selo limafufuma n'kuphulika. Mu 2005 gulu la Junying Yuan linakatcha necroptosis. Mapuloteni ake anadziwika mmodzimmodzi: RIPK1, kenako RIPK3 mu 2009, ndipo mu 2012 gulu la Xiaodong Wang ku Beijing linapeza MLKL, imene imang'amba khungu la selo. Tsono mu 2011 magulu a Edward Mocarski ku Atlanta ndi Douglas Green ku Memphis anachotsa majini awiri nthawi imodzi, wa caspase-8 ndi wa RIPK3. Mbewa zimene zikanafera m'mimba zinabadwa, zinakula, zinabereka. Maselo ake a T ankachulukana bwinobwino. Pokalamba anabele ake ankatupa ngati a ALPS, popeza njira ya Fas inali yotsekeka.

Apa ndi pamene mwambi unamasulika. Maselo a T opanda caspase-8 sankalephera kudzuka. Ankadzuka, koma podzukapo ankaphulika. Selo likalandira uthenga wa nkhondo, RIPK1 imayamba kusonkhanitsa mapuloteni amene angathe kuliphulitsa, ndipo caspase-8 ndi imene imadula RIPK1 kuti zisafike pamenepo. Chimene chimailetsa kupitirira n'kupha selo ndi mnzake wotchedwa cFLIP, puloteni yofanana nayo koma yosadula. Caspase-8 ikagwirana ndi caspase-8 inzake, mphamvu imakhala yokwanira kudzutsa caspase-3, selo n'kufa mwakachetechete. Ikagwirana ndi cFLIP, mphamvu imakhala yochepa: yokwanira kudula RIPK1, yosakwanira kupha. Ikasoweratu, selo limaphulika. Njira zitatu, moyo, imfa yachete ndi imfa yaphokoso, zonse zikudalira kuchuluka kwa mphamvu ya enzaimu imodzi.

Kuti kudula RIPK1 n'kofunika mwa munthu zinatsimikizika kumapeto kwa 2019. Ofufuza a ku Australia, United States ndi China anapeza mabanja angapo amene RIPK1 yawo inasintha pa kachigawo kamodzi kokha, aspartate ya nambala 324, pamalo penipeni pamene caspase-8 imadula. Caspase-8 ali nayo, koma ilibe podula. Anthu amenewa amatentha thupi mobwerezabwereza kuyambira ali ana, anabele n'kumatupa, popanda kachilombo kalikonse.

Nanga thupi lingasungirenji msampha woopsa chonchi? Chifukwa cha mavairasi. Vairasi imafuna selo likhale ndi moyo mpaka itamaliza kuberekana, choncho ambiri ali ndi mapuloteni otsekereza caspase-8. Vairasi ya nthomba ya ng'ombe ili ndi CrmA, ndipo cytomegalovirus ili ndi yakenso. Koma kutsekereza caspase-8 n'kumene kumamasula RIPK3, selo n'kuphulika, zam'kati mwake n'kuitana asilikali. Mdani akamayesa kuzimitsa chitetezo ndi pamene amadziulula. Mavairasi ena anaphunzira kutseka njira zonse ziwiri: cytomegalovirus ya mbewa ili ndi puloteni yotsekereza caspase-8 ndi inanso yotsekereza RIPK3.

Sikuti ntchito yonse ya caspase-8 yathera pa kuletsa kuphulika. Ma macrophage opanda caspase-8 ndi RIPK3 safa, komabe akakumana ndi mabakiteriya amapanga mapuloteni a uthenga ochepa kuposa anzawo. Ndipo mu 2019 magulu a ku Cologne ndi ku kampani ya Genentech anapanga mbewa zokhala ndi caspase-8 yosadula, n'kuzichotseranso MLKL kuti maselo asaphulike. Zambiri zinafabe zitangobadwa, chifukwa caspase-8 yobunthayo inakhala pounjikirana mapuloteni odzutsa caspase-1, makamaka m'matumbo. Ndiye kuti enzaimuyi imalankhula m'njira ziwiri, podula ndiponso pongokhalapo.

Pali msuweni wa ma caspase amene alidi pa mzere wa kudzuka kwa maselo a T ndi B. Dzina lake ndi MALT1. Selo likazindikira mdani, MALT1 imasonkhana ndi mapuloteni awiri, CARD11 ndi BCL10, n'kutsegula NF-κB, puloteni imene imayatsa majini a nkhondo. Mu 2008 zinadziwika kuti MALT1 nayonso imadula, ndipo imadula mabuleki: mapuloteni monga A20 amene akanazimitsa uthenga msanga. Simapha selo. Imatalikitsa uthenga.

Imfa yaphokoso

Tibwerere kwa caspase-1. Kwa zaka 10 sizinkadziwika chimene chimaidzutsa, mpaka mu 2002 pamene Fabio Martinon, Kimberly Burns ndi Jürg Tschopp anafotokoza mulu wa mapuloteni umene anautcha inflammasome. M'kati mwa macrophage muli alonda osiyanasiyana. Wina amamva kamchira koyendera ka bakiteriya, wina amamva DNA imene ili pamalo osayenera, ndipo wotchuka kwambiri, NLRP3, amamva kuti selo lavulala. Mlonda akadzidzimuka amakoka puloteni yotchedwa ASC, imene imaunjikana kukhala kadontho kamodzi kooneka pa maikulosikopu, ndipo pakadonthoko caspase-1 imadzuka.

Pamafunika mauthenga awiri. Woyamba, monga fungo la bakiteriya kunja kwa selo, umachititsa kuti IL-1β yaitali ija ipangidwe n'kusungidwa. Wachiwiri, umboni wakuti mdani walowadi kapena selo lavulala, ndi umene umadzutsa caspase-1 kuti iidule. Dongosolo limeneli limateteza thupi kuti lisamatenthe pa chilichonse. Koma IL-1β ilibe khomo lotulukira ngati mapuloteni ena a uthenga. Mu 2015 gulu la Feng Shao ku Beijing ndi la Vishva Dixit, wasayansi wobadwira ku Kenya amene anaphunzira udokotala ku Nairobi, anapeza khomolo. Ndi puloteni yotchedwa gasdermin D. Caspase-1 ikaidula pakati, theka limodzi limapita kukhungu la selo n'kupanga timabowo. IL-1β ndi inzake yotchedwa IL-18 zimatulukira pamenepo, madzi amalowa, ndipo selo limaphulika. Kafedwe kameneka ndi pyroptosis. Selo limafa, bakiteriya amene anabisala m'kati mwake amasowa pokhala, ndipo uthenga umafika patali. Apa imfa ndi uthenga ndi chinthu chimodzi.

Caspase-4 ndi caspase-5 sizidikira mlonda. Zokha zimagwira LPS, mafuta a pakhungu la mabakiteriya monga Salmonella ndi E. coli, akalowa m'kati mwa selo, n'kudula gasdermin D. Pamalo amodzi zimenezi zimapulumutsa. Zikachitika thupi lonse, mabakiteriya atalowa m'magazi, zimathandizira kugwetsa kuthamanga kwa magazi ndi kuwononga ziwalo. Malire a magulu atatu aja nawonso si olimba. Bakiteriya wa mtundu wa Yersinia, umene muli woyambitsa mliri wa makoswe, akatseka njira za uthenga za macrophage, caspase-8 ndi imene imadula gasdermin D. Caspase-3 nayo imatha kudula gasdermin E, imfa yachete n'kusanduka yaphokoso.

NLRP3 samasiyanitsa kachilombo ndi china chilichonse chovulaza. Mu 2006 gulu la Tschopp linasonyeza kuti timiyala ta uric acid timene timaunjikana m'mfundo ndi timene timamudzutsa, ndipo ndiye gwero la ululu wa gauti, chala chachikulu chakuphazi chikatupa n'kufiira usiku. Fumbi la miyala limene limawononga mapapo a anthu a m'migodi limachitanso chimodzimodzi. Mu 2009 zinaonekanso m'labotale kuti hemozoin, zinyalala zakuda zimene kachilombo ka malungo kamasiya kakadya magazi, imadzutsa NLRP3. Zinyalalazi zimakhuthukira m'magazi maselo ofiira akaphulika, nthawi yomwe wodwala amayamba kunjenjemera ndi kutentha.

Zimene HIV imachita ndi njira imeneyi

Kwa zaka zambiri panali funso losautsa: maselo a CD4 amene HIV imaberekanamo ndi ochepa, nanga ambirimbiri enawo amafa ndi chiyani? Gulu la Warner Greene ku San Francisco linayesa ndi minofu ya anthu yochokera kukhosi ndi ku kapamba, kumene maselo a CD4 amakhala mothithikana. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2014, zinasonyeza kuti m'minofu imeneyi maselo oposa 95 pa 100 alionse amene amafa ndi ogona, amene kachilombo kamalowamo koma n'kulephera kumaliza kukopera DNA yake. Tizidutswa ta DNA totsalato timadzidzimutsa mlonda, caspase-1 imadzuka, selo n'kuphulika. Ochepa amene kachilombo kaberekanamo ndi amene amafa mwakachetechete ndi caspase-3. Choipa n'chakuti kuphulikako kumaitana maselo ena a CD4, amene akafika nawonso amalowedwa n'kuphulika. Njira imene inapangidwira kuteteza imasanduka yomaliza asilikali. Izi zikusonyezanso ubwino woyamba ma ARV msanga ndi kumwa mosadumphitsa: kachilombo kakasiya kuberekana, kuzungulira konseku kumasowa poyambira.

Njira yomweyi ingathenso kutembenuzidwira kachilomboko. Mu 2021 gulu la Liang Shan ku St. Louis linapeza kuti mlonda wotchedwa CARD8 amadzuka akadulidwa ndi enzaimu ya HIV. Kachilomboka kamazemba posunga enzaimu yake ili m'tulo mpaka katatuluka m'selo. M'labotale, mankhwala monga efavirenz, amene ambiri kuno ankamwa asanabwere dolutegravir, anaidzutsa enzaimuyo nthawi isanakwane, CARD8 n'kuzindikira, ndipo selo losunga kachilombo linafa. Si mankhwala ochiza HIV, koma ndi njira imene ofufuza akuitsata pofuna kufikira maselo amene kachilombo kamabisalamo.

Phunziro kwa opanga mankhwala

Ma caspase atangodziwika, chiyembekezo chinali chachikulu: kuwatsekereza kuti maselo a chiwindi, a ubongo ndi a mtima asafe. Mpaka pano palibe mankhwala otsekereza caspase amene avomerezedwa. Pralnacasan, wotsekereza caspase-1, anaimitsidwa mu 2003 zitaoneka kuti akuwononga chiwindi cha nyama zoyeserapo. Emricasan, wotsekereza ma caspase ambiri nthawi imodzi, analephera pa matenda a mafuta m'chiwindi mu 2019. Zifukwa zake n'zosiyanasiyana, koma zimene taona pamwambapa zikusonyeza kuopsa kwa njirayi. Ukatseka caspase-8 umatsegulira necroptosis, ukatseka caspase-3 umamasula interferon. Selo limene latsimikiza kufa limapeza njira ina, ndipo kawirikawiri imakhala yaphokoso kuposa yoyambayo.

Zimene zayenda bwino ndi zolunjika pa chinthu chimodzi. Mankhwala otsekereza IL-1 ikatuluka, monga anakinra ndi canakinumab, anasintha moyo wa ana obadwa ndi NLRP3 yodzidzimuka yokha, amene ankatentha thupi ndi kutuluka zidzolo kuyambira ukhanda. Mu 2017, kafukufuku wa CANTOS pa anthu 10,061 amene anadwalapo mtima anapeza kuti canakinumab, pa mlingo wa mamiligalamu 150, inachepetsa ndi 15 peresenti ngozi yodwalanso mtima, kuchita sitiroko kapena kufa nazo. Koma amene anamwalira ndi matenda a tizilombo anachulukirapo pakati pa olandira mankhwalawo, umboni wakuti uthenga wa caspase-1 ndi wofunika ngakhale umapweteka.

Njira ina ndi yodzutsa ma caspase dala. Venetoclax, amene anavomerezedwa mu 2016 pa khansa ina ya m'magazi, amachotsa chotchinga cha pa mitochondria kuti maselo a khansa adzithetse. Ku Houston, gulu la Malcolm Brenner linaika caspase-9 yokonzedwa mwapadera m'maselo a T asanawapereke kwa ana amene anaikidwa maselo opanga magazi a munthu wina. Maselo a T aja atayamba kuukira thupi la ana ena, madokotala anapereka mankhwala okokera ma caspase-9 awiriawiri pamodzi, ndipo lipoti la mu 2011 linati oposa 90 pa 100 alionse anatha pa mphindi 30.

Tikaphatikiza zonsezi, dzina lakuti ma enzaimu a imfa likuperewera. Zimene caspase ichite zimadalira zinthu zinayi: mphamvu imene yadzuka nayo, malo amene yadzukira m'selo, puloteni imene yagwirana nayo, ndi chimene chili pafupi choti idule. Kusintha chimodzi mwa zimenezi kumasiyanitsa selo lamoyo lokonzeka kumenya nkhondo, selo lofa mwakachetechete, ndi selo lophulika limene limadzutsa thupi lonse. Asilikali a m'thupi amaona mmene selo lafera kuti adziwe ngati pali mdani, ndipo ma caspase ndi amene amasankha kafedweko. Choncho funso loyenera kwa ofufuza si lakuti tiletse bwanji maselo kufa, koma lakuti ndi selo liti limene liyenera kufa, ndipo life motani. Matenda amene amatipha kwambiri kuno, HIV, malungo ndi mabakiteriya olowa m'magazi, onse amadutsa pa njira zimenezi, ndipo achinyamata athu amene akuphunzira udokotala ndi sayansi ya m'labotale ayenera kuzidziwa bwino ndi kuzifufuza pa matenda a kwathu kuno.